Mndandanda umene unadula mlamu wanga

Awailesi, dzina langa musalitchule. Ndimakhala ku Kawale. Ndinaphunzirako za kompyuta, choncho ndinalembera mpingo wathu pulogalamu yosunga mayina a Akhristu. Muli kamndandanda kotchedwa enamu: umalemba mawu, kompyuta n'kuwapatsa manambala motsatana. Ndinalemba wakalasi, wodulidwa, wamgonero. Pa dzina la munthu imasunga nambala yokhayo.

Tsiku lina mlembi wa mpingo anati, "Akulu ampingo ali kuti? Aikeni pamwamba, ulemu bambo." Ndinawauza kuti manambala asuntha. Anati, "Mukutiphunzitsa ife?" Ndinamvera n'kuwaika pamwamba, ndikuganiza kuti manambala a anthu ndiwakonza Loweruka.

Lachisanu mlembiyo anasindikiza kalata ya mlamu wanga, mayi wamasiye, yosamukira ku Area 25. Iwo ndi amgonero, koma nambala yawo inali itagwera pa wodulidwa. Kumeneko anawabweza pa Mgonero anthu akuona, ndipo manong'onong'o anayamba akuti anachimwa mwamuna asanaiwalike.

Nditafunsa mlembi, anati, "Zamakompyuta ndi inu, bambo."

Anzanga olemba mapulogalamu, mawu aliwonse muziwalembera nambala yake nokha, ndipo atsopano azipita pansi ngakhale akhale a bwana. Kalata tinaikonza. Koma mlamu wanga akandiona pamaliro amayang'ana kumbali.