Mng'ono wa Lachitatu

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1964, mwana woyamba m'banja la ana awiri. Wachiwiriyo ndine ndaima pamaso panu, mng'ono wawo wa bere limodzi.

Anayamba sukulu mu 1971. Nzeru zonse za m'banja mwathu anatenga ndi iwo, ine n'kundisiyira malaya awo akutha ndi mphamvu zonyamulira njerwa. Mu 1990 anamaliza maphunziro a udokotala, ndipo mu 1993 anamanga banja ndi alamu anga ali apawa. Kuyambira 1996 anagwira ntchito ya maso pa chipatala chaching'ono, m'kachipinda ka zenera limodzi lotchinga ndi nsalu yakuda.

Mu 2015 m'kachipindamo munalowa kompyuta. Anthuni, pali matenda ena oti diso limaoneka labwinobwino koma munthu osaona, chifukwa vuto lili mumtsempha wochoka kudiso kupita ku ubongo. Katswiri wa matenda amenewa ankakhala kutali, ulendo woti odwala ambiri sakanautha. Choncho Lachitatu lililonse masana malemu ankatseka chitseko, n'kumutumizira zithunzi za odwala, awiriwo n'kumakambirana akuonana pakompyutapo. Lamulo lawo linali lakuti wodwala satchulidwa dzina. Ankangonena zaka zake, ndiponso ngati ali mwamuna kapena mkazi. Ambiri mwa inu mukundiona lero chifukwa cha Lachitatu limeneli.

Koma ine m'pamene ndinalandidwa udindo. Pasanathe chaka, malemu anayamba kumutchula katswiriyo kuti mng'ono wawo. Ndinachita nsanje, sindikubisirani. Munthu woti sanagonepo nawo bulangete limodzi, sanakwapulidwepo m'malo mwawo, lero akhale mng'ono? Ukawaimbira foni Lachitatu, inkangolira mpaka kutopa. Ukawachezera Lachinayi, nkhani inali ya zimene mng'ono wawo wanena dzulo, ine ndili pompo ngati mpando. Alamu anga nawonso ankadandaula moseka kuti ali pamitala ndi Lachitatu.

Mu Febuluwale 2023 malemu anayamba kuwomba mafelemu a zitseko ndi kugwetsa makapu okhala m'mphepete mwa tebulo. Tonse tinkati n'kutopa. Iwo anakajambulitsa mutu mwakachetechete, ndipo Lachitatu lotsatira anaika zithunzi zawo pakati pa za odwala ena, n'kunena kuti ndi mwamuna wa zaka 58. Madokotala akakhala okhaokha sapita m'mbali. Katswiri uja, posadziwa kanthu, ananena mosapsatira kuti chotupa chapana mitsempha ya maso onse awiri, kuti opaleshoni inali itachedwa, ndiponso kuti bamboyo achita khungu ndipo sakhalitsa. Kenako anafunsa ngati wodwalayo wauzidwa. Malemu anayankha kuti wangomva kumene.

Ife a m'banja tinauzidwa mu Meyi. Pamwamba pa chisoni, nsanje inandibwereranso. Nkhani yaikulu ya moyo wa achimwene anga inayamba kudziwika kwa munthu wa pagalasi la kompyuta, ine wamagazi n'kumva mochedwa.

Mu Okutobala maso awo anathima, koma Lachitatu sanalisiye. Ndinkawagwira dzanja mpaka m'kachipinda kaja, kuti azikamvetsera dokotala amene anawalowa m'malo akufotokoza za odwala. Kumeneko ndinamuona pakompyuta mdani wanga uja, bambo wadazi, wamagalasi okhuthala. Atamva kuti ndine yani, anavula magalasiwo n'kundiuza kuti amandisirira, chifukwa zaka zonsezi iye sanawagwirepo dzanja malemu ngakhale kamodzi.

Chakumapeto, malemu anandipempha kuti powerenga mbiri ino ndidzamutchule katswiri uja pamodzi ndi abale. Ndinakana. Anaseka, n'kunena kuti pa matenda onse olepheretsa munthu kuona, nsanje yanga yokha ndi imene inawakanika. Anatisiya pa 14 Janyuwale 2024, dzanja lawo lili m'manja mwanga.

M'malo mwa banja, ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, anansi amene anatipepuza pa ntchito za pakhomo, ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa.

Malemu asiya mkazi, ana atatu ndi zidzukulu ziwiri. Asiyanso ang'ono awo awiri. Mmodzi ndine. Winayo ndi uyo akutiona pafoni imene mwana wamkulu wa malemu waigwira kumbuyoko. Mwanangu, kumeneko n'kwa alendo, bwera nayo foniyo kuno kwa abale, pafupi ndi ine.

Achimwene, ndawerenga monga munanenera. Mzimu wanu uuse mumtendere.