Bambo Gaspar Tzunux, Amene Anabayidwa Pakhomo la Kalasi

Malemu anabadwa pa 6 Januwale 1964 m'mapiri a Quiché ku Guatemala. Amene ndikuyankhulane ndine mlamu wawo, Domingo Lux, ndipo banja landituma kuti ndinene zonse, ndi zowawa zomwe.

Sukulu anailekera panjira mu 1982, asilikali atatentha mudzi wawo ndi kuwombera bambo awo pabwalo, ana akuona. Anathawa ndi mng'ono wawo, a Baltazar, ndipo mu 1989 anafika kuno ku Omaha, nalembedwa ntchito onse awiri kufakitale yophera ng'ombe. Mu 1991 anamanga banja ndi mlongo wanga, Mayi Petrona.

M'chaka cha 1994 makina opera nyama anakoka mkono wa a Baltazar. Malemu anathamangira kwa kapitawo, akukuwa m'Chingerezi chothyokathyoka kuti azimitse makinawo. Kapitawo sanamve kanthu, anangoti, "Ukuti chiyani iwe? Yankhula zomveka!" Pomwe ankazindikira, makina anali atameza mkono mpaka m'phewa. A Baltazar anatsirizikira m'manja mwa mkulu wawo, magazi ali ponseponse.

Kuchokera pamenepo malemu anachilusira Chingerezi ngati mdani. Anagula matepi, dikishonale ndi kagalasi. Ankadzitsekera kubafa, maso ali pa lilime, kubwereza liwu limodzi mpaka mlongo wanga kugogoda: "Gaspar, tulukamoni, galasilo latopa nanu!"

Mu 2001 anatsegula kalasi ya Chingerezi m'chipinda chapansi cha tchalitchi chino. Ambiri muli panonu munadutsa m'manja mwawo, ndipo mukukumbukira ukali wawo: "Lilime pakati pa mano, achimwene, silidukatu! Mukamameza mawu, abwana akumezani inuyo." Ankadzijambula okha akutchula mawu ofunika kuchipatala, kukhoti ndi kuntchito, n'kumatumizira aliyense pafoni kuti azimvera m'basi.

Pa 14 Malichi chaka chino, Loweruka masana, kalasi ili mkati, kunatulukira mwamuna wa wophunzira wina, Mayi Floridalma, chimpeni chili m'manja. Munthuyu wakhala akumenya mayiwa kwa zaka, ndipo chinamupsetsa mtima n'chakuti iwo anakamuneneza kukhoti ndi pakamwa pawo, popanda womasulira. Malemu anaima pakhomo nati, "Ali munowa ndi anthu anga. Sudutsa." Anawabaya pamimba, n'kuwabayanso pakhosi, koma iwo anakakamira dzanja lampenilo osalisiya, mpaka ophunzira anamugwetsa ndi mipando. Mayi Floridalma ndiwo anaimbira apolisi m'Chingerezi, ndipo apolisiwo anamva liwu lililonse. Wachiwembuyo ali m'ndende.

Mpeni unali utadula kholingo. Bambo amene anatsegula pakamwa pa anthu ambirimbiri sanathenso kutsanzika mkazi wawo, anangowagwira dzanja. Anatisiya kuchipatala pa 16 Malichi.

Asiya mkazi, Mayi Petrona, ana atatu, a Micaela, a Efraín ndi a Juana, komanso zidzukulu zinayi.

Tikuthokoza madokotala amene anayesetsa, ophunzira amene anatseka mabala ndi malaya awo, ndi amayi a mpingo amene akhala akuphikira anamfedwa. Kalasi sitsekedwa. Mayi Floridalma apempha kuti iwo ndiwo aziphunzitsa, ndipo mlongo wanga wawapatsa kiyi m'mawa uno.

Alamu, ntchito mwaigwira. Mzimu wanu uuse mumtendere.