Chitsulo Chimene a Chulu Sanayankhe

Atsogoleri a mpingo, mafumu, abale ndi alongo amene mwabwera kudzalira nafe, ndaimirira m'malo mwa banja kuti ndikuwerengereni mbiri ya amalume anga, Bambo Cosmas Chulu.

Malemuwa anabadwa pa 9 Ogasiti 1952 m'mudzi uno wa Kalenje, m'dera la Kakumbi. Anali achitatu mwa ana asanu ndi awiri a Bambo Foster Chulu ndi Mayi Cathrine Mbao, amene anatsogola kale. Sukulu anayamba mu 1961, koma analekezera giredi 7 chifukwa bambo awo atamwalira panalibe wina wolondera munda.

Mu 1972 analembedwa ntchito pa kampu ina ya alendo ku Nkwali. Ntchito yawo inali yonyamula tiyi pambuyo pa alendo oyenda pansi m'paki ya nyama zakuthengo. Ankakonda kuseka kuti wamfuti amayang'ana kutsogolo, koma choopsa chimachokera kumbuyo, kumene anaika munthu wa ketulo. Kumeneko anaphunzira khalidwe la njovu kuposa ambiri a ife.

Pa 23 Okutobala 1976 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Delia Sakala. Mulungu anawapatsa ana asanu ndi mmodzi, ndipo awiri anawatenga akadali aang'ono.

Mu 1984 anasiya ntchito ya kukampu, napita kukaphunzira ukatekisiti. Atabwerako anatsogolera kuumba njerwa za tchalitchi chimene mukuchionachi. Ndi iwonso amene anapachika limu ya galimoto pamtengo wa pakhomo kuti ikhale belu lathu. Lamulo la chitsulocho linali lodziwika kwa aliyense. Chikalira Lamulungu m'mawa, ndi mapemphero. Chikalira mosalekeza, ndiye kuti njovu zalowa m'minda, ndipo wopemphera ndi wosapemphera yemwe ankathamanga ndi zitini ndi miuni.

Mu 2012 dayosizi yathu inalowa m'mavuto. Wansembe wa parishi ino anachotsedwa. Ena anavomereza, ena anakana. Sindibwereza mawu amene ananenedwa masiku amenewo, pakuti ambiri amene anawanena ali pompano. Mpingo wa Kalenje unang'ambika pakati. Malemu anatsala m'tchalitchi ndi gulu lawo. Gulu lina linayamba kupemphera pansi pa mtengo wa msikidzi kutsidya kwa dambo, motsogozedwa ndi Bambo Onesmus Msoni, amene anatsika kuchokera ku Katete kalekale, ndipo anali bwenzi la malemu la pamtima. A kumsikidzi anapachika chitsulo chawochawo. Posakhalitsa mbali zonse ziwiri zinayamba kuliza chitsulo pa nthawi ya mapemphero a anzawo pofuna kuwasokoneza. Pamapeto pake akuluakulu a tchalitchi anagwirizana kuti chitsulo cha kumsikidzi chisamayankhidwe.

Lamulungu, pa 19 Epulo 2015, anthu a kumsikidzi anapita ku msonkhano wa gulu lawo ku Nkwali. Mayi Edith Msoni, akazi a Bambo Onesmus, anatsala kuti aingitse mbalame m'munda wa mapira pamodzi ndi mwana wawo wamkulu, Mayi Rosemary. Mapemphero ali mkati m'tchalitchi muno, chitsulo cha kumsikidzi chinayamba kulira. Chinalira osapumira. Anthu anacheukira kwa malemu, ena atayamba kale kunyamuka. Malemu, poganiza kuti ndi chipongwe cha masiku onse, anakweza dzanja kuti kwaya ipitirize. Kwaya inaimba nyimbo yonse mpaka kumapeto. Amene ankaliza chitsulocho anali Mayi Rosemary. Njovu yamwana inali italowa m'munda, ndipo pamene anthu anafikako, Mayi Edith anali atatisiya.

Pa maliro a Mayi Edith, malemu anapemphedwa kuti abwerere kwawo, ndipo anabwerera osatsutsa. Lamulungu lotsatira anafika pakhomo la tchalitchi, navula chipewa, nauza mpingo kuti phazi lawo silidzapondanso mkatimo kufikira tsiku limene a Msoni adzalowe patsogolo pawo. Anthu anayesa ndi mawu a chisoni chabe. Koma kuyambira tsiku limenelo, munthu amene anaumba njerwa za nyumba iyi ankamvera mapemphero ataima panja, pafupi ndi zenera, dzinja ndi malimwe omwe.

Ife a m'banja tinaona zina zimene ambiri simunazione. Chitsulo chilichonse chikalira, kaya ndi munthu akukhoma khasu, kaya ndi amakaniko ku Mfuwe akumasula tayala, malemu ankasiya chakudya n'kupita kukaona. Nyengo ya mapira iliyonse ankakakhala pansanja m'malire mwa munda wa a Msoni, popanda wowatuma. A Msoni sanawalonjere ngakhale kamodzi, komanso sanawathamangitse.

Mu 2024 bishopu wathu anapuma pa ntchito. Amene akuyendetsa dayosizi pakadali pano analengeza chaka cha machiritso, kuti bishopu watsopano asadzalandire nkhosa zosayang'anana. Mipingo yonse yogawanika inapemphedwa kubwerera pamodzi. Kuno akuluakulu anafuna kutumiza uthenga kumsikidzi woti zitseko zatseguka. Malemu anakana. Anati munthu amene unamusiya akuitana sumuitanira kwanu, umapita ndiwe. Pa Lamulungu loyamba la Lenti, iwo eni, ndi msana wawo wodwalawo, anasenza benchi kuwoloka dambo. Tsiku limenelo anawatsatira anthu owerengeka. Mwezi usanathe mabenchi onse anali kumsikidzi, ndipo makwaya awiri aja ankakanganirana za amene ayambitse nyimbo, mkangano umene malemu anati ndiwo wokoma. Zitsulo ziwirizo anagwirizana kuti zonse ziziyankhidwa. Pofika Khirisimasi mpingo wonse unabwerera m'tchalitchi muno, kupatula anthu awiri: a Msoni, amene ankatsala kunyumba, ndi malemu, amene ankaima pazenera paja.

Pa 3 Febuluwale chaka chino malemu anagwa kumunda, ndipo mbali ya kumanzere inafa ziwalo. Anagonekedwa m'chipatala ku Chipata milungu itatu, kenaka madokotala anatilola kuwasamalira kunyumba. M'matenda awo ankamva chitsulo chimene ife sitinkachimva. Ankalimbana ndi bulangeti kuti adzuke, n'kumafunsa Mayi Delia chifukwa chimene anthu akungokhala. Tikawauza kuti kunja kuli zii, ankatiyang'ana ngati tikuwanamiza. Anafunsanso kangapo ngati bishopu watsopano wadzozedwa kale, pakuti ankaopa kuti adzapeza Kalenje asanathe nkhani yake. Lachiwiri, pa 17 Juni 2025, dzuwa lili paliwombo, anatisiya ali ndi zaka 72.

Ambiri mwafunsa ngati thupi la malemu lilowe m'tchalitchi, monga ayenera katekisiti. Banja silinafune kuswa mawu awo iwo atagona. Choncho dzana akuluakulu a banja anapita kwa Bambo Msoni. A Msoni anawamvetsera mpaka kumapeto. Lero m'mawa atumiza Mayi Rosemary ndi yankho. A Msoni akuti ayesa kuuza miyendo yawo kuti ilowe m'nyumba imene munkaimbidwa nyimbo tsiku lija, koma yakana, ndipo safuna kunama pamaso pa maliro. Akuti chimene angathe n'kufika pakhomo ndi kugwira chitseko. Banja lalandira mawu amenewa ndi manja awiri. Takambirana ndi abambo wansembe, ndipo bokosi liikidwa pakhomo penipeni. Mapemphero achitikira pomwepo. Amene muli mkati mutembenuze mabenchi, amene muli panja musendere pafupi.

Malemu asiya akazi awo, Mayi Delia, ndi ana anayi: a Remmy, a Vivian, a Elvis ndi a Juliet. Asiyanso zidzukulu khumi ndi zitatu, ndi mlongo wawo mmodzi, Mayi Doris, amene ndi mayi anga.

Tikuthokoza anamwino ndi madokotala amene anawasamalira, amayi a mpingo amene sanatope kutunga madzi ndi kuchapa, masikauti oteteza nyama m'paki amene anatithandiza ndi galimoto, adzukulu amene akumba manda, ndi makwaya onse awiri. Bambo Msoni, tikudziwa kuti mtunda wochokera kunyumba kwanu kufika pachitseko ichi si waufupi. Zikomo.

Bishopu watsopano akadzatiyendera adzatipeza tisanachire kwathunthu, ndipo tidzamuuza zoona. Amalume, kunja kuli bata, palibe amene akuitana. Gonani. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye.