Mayina a pa linga la a Esau Chikhadwe

Malemu a Esau Chikhadwe anabadwa pa 9 Meyi 1921 kuno ku Mitundu. Sukulu anaphunzira ku Nkhoma, nalekezera Sitandade 3.

Mu 1941 analowa usilikali. Asanapite kunkhondo mu 1942, iwo ndi anzawo khumi anamanga linga la miyala ndi simenti pa kaphiri kaja ka kufupi ndi Nathenje, pophunzirira kuwombera ndege ndi mzinga. Simenti isanaume, aliyense analembapo dzina lake ndi msomali. Mwa anyamata amenewo, anabwerako ndi malemu okha, mu 1946. Anzawo alibe manda kuno. Manda awo anali mayina aja.

Mu 1947 anakwatira mayi Enelesi. Anali mlimi wa fodya, koma Loweruka lililonse ankapalasa njinga kukalambula palingapo, mpaka tinkawaseka kuti ali ndi mitala ku Nathenje. Kuyambira 1968 ankalembera boma makalata kuti malowo atetezedwe ngati chuma cha mbiri ya dziko.

Mu 1974 maso awo anachita ng'ala, analeka kuona. Mwezi watha tinawaperekeza kuchipatala ku Nkhoma. Anamfedwa, apa lilime likundilemera. Ali m'chipatala, ife achibale awo tinagumula lingalo, miyala tinatuta pangolo kukamangira balani ya fodya. Tinkati munthu wosaona sadzadziwa.

Madokotala anagwira ntchito yawo bwino, malemu anayambanso kuona. Lachiwiri, pa 14 Sepitembala 1976, potuluka m'chipatala, anakana kubwera kumudzi asanaone anzawo aja. Tonse tinasowa poyambira kuwauza. Atakwera kaphiriko anayang'ana, anagwada, napapasa dothi ngati akadali osaona, basi anagwa chammbali, natisiya pomwepo. Munthu anadzuka wamphamvu, akuseka, pofika masana tikumunyamula! Mpaka pano sitikumvetsa. Lachitatu, dzulo lomweli, kalata ya boma inafika yovomera kuti malowo atetezedwe.

Malemu asiya mayi Enelesi, ana asanu ndi zidzukulu khumi ndi ziwiri. Tikuthokoza a mpingo, adzukulu okumba manda, achipani, ndi inu nonse mwatigoneza pano.

Balani ija taigwetsa, miyala tikubweza. Mayina tapeza anayi okha, enawo anaphwanyika, ndipo wowadziwa pamtima ndi amene agona apawa. Ngati alipo amene mbale wake anapita kunkhondo mu 1942 osabwerako, chonde ationeko tikachoka kumanda.

Bambo Chikhadwe, mutikhululukire. Mzimu wanu uuse mumtendere.