Ba Chalwe ndi Madzi a M'ngalande

Akuluakulu a chipatala chathu, abusa amene mwatitsegulira ndi pemphero, madokotala, manesi, anzanga a mu labu, Ba Dunstan ndi ana, muli bwanji nonse? Achibale a ku Luapula kumbuyoko, muli shani? Ine ndine Mulubwa. Ndakalambira pa tebulo limodzi ndi Ba Emmy Chalwe, ndiye andisankha kuti ndiwatsanzike lero pamene akupuma pa ntchito. Alakwitsa, chifukwa ndikudziwa zambiri.

Ba Dunstan, munakwatira mayi wokonda ngalande. Anthu akamva fungo la madzi oipa amagwira mphuno. Awa amaimitsa minibasi.

Alendo, musadabwe, ndikufotokozereni. Pali mabakiteriya ena amakani, amene mankhwala onse awalephera. Wodwala mumubaye jekeseni, mumumwetse mapiritsi, bala lili chomwecho. Koma nawonso ali ndi adani awo, tizilombo tochepetsetsa totchedwa mafeji, timene timalowa mwa bakiteriya n'kumupha, munthu osamukhudza. Vuto lake, feji aliyense amadya mtundu umodzi wokha wa bakiteriya, ndipo sumupeza m'sitolo. Umakamusaka kumene kuli uve, poti ndi kumene kuli chakudya chake.

Poyamba Ba Chalwe anali a ulemu wawo. Ulendo woyamba wokasaka anavala nsapato za gogoda, n'kupita kwa mlamu wawo ku Kabulonga, kukatunga madzi a m'dziwe losambiramo la pakhomo. Madzi othira mankhwala, abale, oyera mbee. Tinayang'ana mafeji m'timbale tathu ta mu labu mpaka maso kuwawa, osapeza ndi mmodzi yemwe. M'mawa mwake anagula majombo.

Kuyambira pamenepo m'chikwama mwawo simusowa botolo lopanda kanthu. Pa kichini pate ya mwana wanga ku Chelstone, nthawi yopereka mphatso itakwana, Ba Chalwe kulibe. Tinakawapeza kuseri kwa mpanda, chitenge atakwinya, atawerama pa ngalande. Bethany, mwana wawo uyu akubisa nkhopeyu, anandiuza kuti kwawo ku Woodlands anakula akufunsa kaye asanamwe chilichonse cha mu firiji.

Tasekatu, koma tsopano ndinene chimene chimandichititsa kumulemekeza mayi ameneyu.

Kunabwera bambo wina, Ba Lemmy, dalaivala wa minibasi ya ku Kabwata. Anachita ngozi, bala la kumwendo wamanzere linafika pa fupa. Mankhwala onse anakana. Madokotala anati palibenso njira, mwendo udulidwe. Ba Lemmy sanalire. Anangoti, “Madamu, mwendo uyu ndiye uponda klachi. Mukaudula, bana banga bazadya chani?”

Ba Chalwe anachonderera madokotala kuti adikire pang'ono, anapempha chilolezo kwa akuluakulu ndi kwa banja. Tinayesa mafeji onse amene tinasunga. Palibe ndi mmodzi yemwe anamugwira bakiteriya uja. Ine ndinafooka, sindinama. Iwo anakakhala pambali pa bedi n'kuwafunsa Ba Lemmy kumene amakhala ndi kumene amatsukira basi. Ankati mdani wa kachilombo nthawi zambiri amakhala moyandikana nako.

Ananyamuka mvula ikugwa, majombo kumapazi. Otsuka magalimoto ku Kabwata anawaseka, ena ankati amayi awa mutu wasokonekera. Anabwera ndi botolo la madzi a m'ngalande ya kumeneko, atanyowa chonchi, akununkha moti mlonda wa pageti anafuna kuwabweza. Tinasefa madziwo, tinadontheza pa kambale kodzaza bakiteriya wa Ba Lemmy. Kutacha, Ba Chalwe anakakweza kambaleko pa windo. Munali timabowo toyera, malo amene bakiteriya anadyedwa. Ine ndinalira, pamaso pa ana a sukulu ophunzira ntchito.

Koma onani khalidwe lawo. Titayeretsa feji uja ndi kumuyesa mobwerezabwereza, anapita kwa wodwala n'kunena kuti, “Ba Lemmy, sindikulonjezani. Koma tiyeni tiyese.” Sananamizepo munthu. Alipo ena amene mafeji sanawathandize, ndipo ku maliro awo Ba Chalwe ankapita, n'kukakhala pansi ndi azimayi. Bala la Ba Lemmy linachedwa, linatiyesa mtima, koma linayamba kuuma.

Ba Chalwe, zikomo. Mwatiphunzitsa kusanyansidwa, mwatiphunzitsa kudikira. Ndidzakusowani, ndipo zikundiwawa. Majombo aja musiye, Abby wa mu labu mwathu wavomera kuwalowa ngakhale ndi aakulu. Pitani mukapume, mukalime maluwa, firiji muibweze kwa Ba Dunstan.

Za galimoto yobwerera kunyumba musavutike. Panja pali minibasi yotsukatsuka, ndipo dalaivala wake wakhala pakhomo apo chiyambire mwambo uno. Ndamulangiza kale kuti akaona ngalande asaime, ngakhale mukuwe bwanji.

Ba Lemmy, imirirani, bwerani kuno kutsogolo mudzawatenge mayi anu. Abale, muwaone mmene akuyendera. Klachi ya lero ipondedwa ndi mwendo womwe uja.

Manja amveke mpaka ku Kabwata!