Nkhadze za a Gwaza Zinanditulutsa pa Lendi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa kaunjika. Ndikufuna mumve momwe anatithamangitsira m'nyumba ya lendi ku Chinsapo, mvula ili pakati, chifukwa chokana kunama.

Eni nyumba yathu, a Gwaza, anayandikana puloti ndi Mayi Nankhoma, ndipo malire awo anali mpanda wa nkhadze. Amuna a mayiwo atamwalira, mayiwo adakali ku Dedza kumaliro, ndinawaona a Gwaza m'mawa ndikusesa akuzula nkhadzezo n'kukazidzala mkati mwa puloti ya amasiyewo. Mayiwo atabwera analira ngati maliro ayambiranso, ndipo ndinawalonjeza kuti kubwalo la amfumu ndikanena zimene ndinaona.

Mlandu utayandikira, a Gwaza anandipeza pakhomo. "Amake Chisomo, munaionapo nkhadze ikuyenda? Mukanene kuti mpandawu ndi wakalekale. Apo ayi, mudziwiretu kolowera."

Mantha anandigwira, abale. Achemwali anga anandiuza kuti za eni ake ndizisiye, ana sangagone m'chilungamo. Koma pakamwa pomwe ndimaimbira kwaya Lamulungu, ndikanamizire napo wamasiye? Kubwalo ndinanena zoona. Mpanda unabwerera pamalo pake, katundu wanga anaponyedwa panja.

Matiresi ananyowa, zovala zogulitsa zinachita nkhungu. Tinkagona m'kachipinda ka Sande sukulu kutchalitchi, wamng'ono akutsokomola. Ndinapsa mtima ndi Mulungu, ndipo ndinamuuza osabisa kuti ndasunga mawu anga, tsono Inu anu mwawasiya kuti?

Yankho linandipeza kumsika. Bambo wina amene anali pabwalo paja kudikira mlandu wake anayenda benchi ndi benchi kundifunsa. Anati akubwerera ku Joni ndi banja lonse, ndipo nyumba yawo ku Area 25 ilibe woisunga.

"Ulendo watha ndinasiyira abale anga, anagulitsa zitseko ndi malata a khitchini," anatero. "Ndikufuna munthu woti akati ndisunga, asungedi. Mayi, inu ndinakuonani."

Ndinakhala pabelo la kaunjika, misozi osaigwira. Ine amene ndinkatunga madzi pa kiyosiki, lero mpopi uli pakhomo, lendi palibe, chifuwa cha mwana chinatha. Ambuye alemekezeke, sanandichititse manyazi.

Inu amene mwakakamizidwa kuti musinthe mawu anu kuti zinthu zikuyendereni, limbikani. Sindikunamizani kuti sizipweteka, ine matiresi anga anaola ndithu. Koma Mulungu amene timam'tumikira sanama, ndipo ana ake sawasiya panja. Mvula ikamagwa masiku ano, ana anga amaimvera padenga ali m'bulangete louma.