Kemisitiri yomwe Esnati sanamalize kundiphunzitsa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wochokera kuno ku Kafue. Umboni wanga ndi wa phunziro limodzi la kemisitiri, lomwe linatsala pang'ono kundigwetsa m'chaka chomwe ndinaika mkazi wanga m'manda.

Ine ndine injiniya wa makina. Bambo anga anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya njanji, choncho ndinakulira m'fungo la girisi. Boma litayamba kugulitsa makampani, ambiri pafakitale yathu tinauzidwa kuti tikapume kunyumba. Anzanga anayamba kugulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika. Ine ndinapempha malo kuyunivesite kuti ndikachite digiri yachiwiri, ya ukatswiri woyeretsa madzi. Anandiyankha kuti malo alipo, koma maphunziro anga oyamba analibe kemisitiri yokwanira. Anati ndiyambe ndakhoza phunziro la kuyeza mankhwala a m'madzi, mayeso olemba ndi a m'labu omwe, chaka chisanathe. Kupanda apo, malowo apita kwa wina.

Sindinade nkhawa, chifukwa mkazi wanga Esnati ankaphunzitsa kemisitiri pasekondale ina kuno. Loweruka lililonse ankapita nane kulabu ya sukulu yawo. Ntchito inali yodontheza mankhwala m'botolo la madzi pang'onopang'ono, ndipo madziwo akangoyamba kufiirira, n'kutseka kampopi msanga. Ine ndi manja anga ozolowera sipanala ndinkatsegula ngati ndikufuna kusamba, madzi n'kufiira psuu. Esnati ankaseka mpaka kugwira nthiti.

"Ba Phiri, iyi si injini," ankatero. "Dontho imodzi, muyembekeze. Ikangosintha, chosani kwanja."

Nyengo yozizira itafika, Esnati anadwala. Tinayenda m'zipatala, tinapemphera, koma kuzizirako kusanathe anatisiya. Abale, mtima wanga unasweka, ndipo sindikubisirani, Mulungu ndinamukwiyira. Ndinkamufunsa kuti, ntchito munanditengera kale, nanga mkaziyu anakulakwirani chiyani? Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo, pakamwa pali tseke. Mabuku ake ndinawaika pansi pa bedi. Pachipata cha sukulu ija sindinkatha kudutsapo, ndinkachita kuzungulira kumsika. Nditamva kuti alemba mtsikana wina kulowa m'malo mwake, ndinadana naye ndisanamuone n'komwe.

Mayeso ankayandikira. Zolemba ndikanayesako ndekha, koma za m'labu zimafuna manja, ndipo labu ya kufakitale inali itatsekedwa ndi loko. Pemphero lokhalo lomwe ndinakwanitsa linali lalifupi komanso laukali: Ambuye, ngati mukufuna ndipite, tumizani munthu, ine mphamvu zandithera.

Masana ena ndili pakhonde ku Kafue Estates, panafika mtsikana ali ndi choko m'manja ndi pasiketi. Anati dzina lake ndi Mutinta, mphunzitsi watsopano uja. Ndinamupatsa moni wouma, ngakhale mpando sindinamupatse. Iye anangoima padzuwapo n'kundiuza kuti kale anali mwana wa sukulu wa Esnati, ndipo anakamuona kuchipatala.

"Ba madamu bananiuza ati, bamuna banga bali na kwanja yolema, koma usabasiye," anatero. "Labu izankala yosegula pa Chibelu. Mubwele, ba Phiri."

Ndinalowa m'nyumba n'kulira ngati mwana. Ine ndinkayesa kuti Mulungu wandiiwala, chonsecho yankho anali atalikonza kale pakamwa pa mkazi wanga, iye ali pabedi la imfa.

Loweruka, lomwe kuno timati Chibelu, ndinapita. Fungo la labuyo linandikumbutsa Esnati, ndipo tsiku loyamba sindinagwire kanthu. Mutinta sanandifulumize. Masabata otsatira ndinawononga mankhwala ambiri, iye osatopa. Ndikathamanga ankangoti, "Dontho imodzi, muyembekeze." Anali mawu omwe aja, ndipo ankandibaya nthawi iliyonse.

Tsiku la mayeso ku Lusaka ndinali pakati pa ana oti ndikanawabereka. Ndinadontheza, ndinadikira, ndinadonthezanso. Madzi atangoyamba kufiirira, ndinachotsa dzanja. Ndinakhoza, abale, ndipo malo aja anakhala anga.

Tsiku lomwe ndinamva zotsatira, ndinatsika minibasi ku Kafue ndikuthamangira kunyumba kuti ndikamuuze Esnati. Ndinakumbukira nditagwira kale chitseko.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandibwezere ukali wanga. Ndikuthokozanso Mutinta, yemwe anaima padzuwa pakhomo pa munthu womuda. Inu amene mwatsekeredwa khomo chifukwa cha chinthu chimodzi chomwe mulibe, inu amene mwaferedwa, musaleke kupemphera, ngakhale pempherolo lituluke ndi mkwiyo. Bala langa silinapole, koma Ambuye anandinyamula nalo choncho.

Lero ntchito yanga ndi kuyeza madzi omwe anthu amamwa. Akangoyamba kufiirira ndimachotsa dzanja pa nthawi yake, ndipo Esnati sanaoneko zimenezi ngakhale kamodzi.